Lizi ya fulati yanga ku Leeds yatsala zaka 82: ndiwonjezere pano kapena ndidikire lamulo latsopano?

"Ndine namwino, ndimagwira ntchito ku Leeds. Zaka zinayi zapitazo ndinagula fulati ya zipinda ziwiri pa ngongole ya kubanki. Lizi yake ndi ya zaka 99 ndipo akuti kwatsala zaka 82. Ground rent ndimalipira £150 pachaka, sikwera. Nditafuna kusamutsira ngongole ku banki ina, amene amandithandiza anandichenjeza kuti lizi ikufupika. Ndinalembera kampani ya eni nthaka, iwo ayankha kuti akhoza kundipatsa lizi yatsopano ya zaka 125 ndikalipira £9,500, ground rent ikhala momwemo, koma ndivomere pasanathe masiku 28. Anzanga kutchalitchi akuti ndisapupulume chifukwa boma lakhazikitsa lamulo lopereka zaka 990 motchipa. Fulatiyi pano ingagulidwe pa £200,000. Mwina zaka zikubwerazi ndibwerera kumudzi n'kuika munthu wa lendi. Nditani? Tulo sindikuona."

Mayi, khazikani mtima pansi. Zaka 82 si malo oipa kukhalapo, ndipo mwafunsa nthawi idakalipo. Palibe amene angakutulutseni m'nyumbamo chifukwa cha nkhani imeneyi, komanso masiku 28 amene kampaniyo yakupatsani asakuthamangitseni magazi. Amenewo ndi masiku awo, si a lamulo. Akadutsa, ufulu wanu wowonjezera lizi ukhalabe pomwepo.

Ufulu umenewu ukuchokera mu lamulo la Leasehold Reform, Housing and Urban Development Act la 1993, lomwe limagwira ntchito ku England ndi ku Wales. Limanena kuti mwini fulati amene lizi yake inaperekedwa kwa zaka zoposa 21 akhoza kukakamiza mwini nthaka kumuwonjezera zaka 90 pamwamba pa zimene zatsala, ndipo ground rent, ndalama ija ya nthaka imene mumalipira chaka ndi chaka, imafa tsiku lomwelo. M'mapepala amalemba kuti peppercorn, kutanthauza kuti palibe kandalama kalikonse kolipira. Kwa inu ndiye kuti 82 kuphatikiza 90, zaka 172, popanda £150 ya chaka ndi chaka ija. Mwini nthaka sangakane pongofuna kukana. Chimene angachite ndi kukangana nanu pa mtengo, ndipo mukalephera kumvana pali bwalo lomwe limagamula. Kale munthu ankayenera kukhala mwini fulati kwa zaka ziwiri asanapemphe, koma zimenezo zinathetsedwa pa 31 January 2025. Kukhalamo nokha sikufunikanso, ndiye ngakhale mutabwerera ku Malawi n'kuika munthu wa lendi, ufuluwo sukuchokani.

Ambiri a ife mawu akuti lizi ya zaka 99 tinawazolowera kwathu, pa mapuloti a boma, ndipo palibe amene amasowa nawo tulo chifukwa mwini nthaka ndi boma. Kuno n'zosiyana. Mwini nthaka wanu ndi kampani yofuna phindu, ndipo lizi ikatha fulatiyo imabwerera kwa iwo. Chaka chilichonse chikadutsa, tsiku limenelo limayandikira, gawo lawo limakwera mtengo, lanu limatsika.

Tsopano nambala imene muyenera kuilemba pakhoma ndi 80. Lizi ikatsala zaka zoposa 80, mumalipira mwini nthaka zinthu ziwiri zokha: ground rent imene akutaya, ndi kuchedwa kwa tsiku lolandira fulati. Ikangotsika pansi pa 80, ngakhale ndi tsiku limodzi, pamabwera chachitatu chotchedwa marriage value. Ganizo lake ndi loti kuwonjezera lizi kumakweza mtengo wa fulati kuposa zimene mwini nthaka wataya, ndipo phindu lapamwambalo mumagawana pakati, theka iye theka inu.

Tiyeni tiwerengere ndi manambala anu, mongoyerekeza, kuti muone kukula kwake. Ground rent ya £150 pachaka kwa zaka 82, titaisandutsa ndalama ya lero pa 6.5 peresenti, ikubwera pafupifupi £2,300. Fulati imene mwini nthaka akanailandira zaka 82 zikubwerazo timaitsitsa mtengo ndi 5 peresenti pachaka. Nambala imeneyi inakhazikika pa mlandu wa Sportelli wa 2006 ndipo ndi imene imagwiritsidwa ntchito pa mafulati. Pa fulati ya pafupifupi £200,000 zikupereka £3,700 kapena kuchepera pang'ono. Zonse pamodzi, pafupifupi £6,000. Ndiye tiyerekeze mwakhala chete zaka zitatu, kwatsala 79. Magawo awiri aja akwera pang'ono chabe, afika pa £6,500. Koma marriage value yalowa. Ngati akatswiri atagwirizana kuti fulati ya lizi ya zaka 79 mtengo wake ndi 90 peresenti ya fulati yopanda vutoli, phindu logawana likhala pafupifupi £13,500, theka lake £6,750. Mtengo wonse wadumpha kuchoka pa £6,000 kufika kupitirira £13,000. Fulati ndi yomweyo, makoma omwewo, kusiyana ndi tsiku limene munapereka notisi basi.

Ndanena kuti tsiku lopereka notisi chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Mtengo umawerengedwa potengera zaka zimene zatsala pa tsiku limene mwini nthaka walandira notisi ya lamulo, ija amaitcha section 42 notice. Tsiku limenelo wotchi imaima. Kukambirana kutenge chaka, mlandu upite kubwalo, zilibe kanthu, zaka zimawerengedwa monga zinalili pa tsikulo. Koma makalata wamba, ngati imene munawalembera, saimitsa wotchi. Pali eni nthaka ena amene amadziwa bwino zimenezi: munthu wa zaka 80 ndi miyezi isanu amamuyankha mwaulemu, amapempha ndalama yoti valuer wawo, katswiri woyesa mtengo wa nyumba, adzaone nyumba, amachedwa mwezi, amatumiza mtengo, amachedwanso, kenako lizi ikatsika pansi pa 80 amasintha mawu. Palibe lamulo limene aphwanya.

Choyamba kuchita, musanalipire aliyense, tsimikizani zaka zenizeni. Gulani title register ya fulati yanu, chikalata chosonyeza umwini wake, pa webusaiti ya HM Land Registry, ofesi ya boma yolembetsa malo ndi nyumba, ndi £7. M'gawo loyamba mupeza mzere wofotokoza lizi mwachidule, wonena tsiku limene inasainidwa ndi pomwe zaka zinayambira kuwerengedwa. Masiku awiriwa kawirikawiri amasiyana. Lizi ikhoza kusainidwa mu 2010 koma n'kulembedwa kuti zaka 99 zikuyambira pa 25 March 2008, chifukwa omanga nyumba amafuna malizi onse m'nyumbamo athere tsiku limodzi. Munthu amene akuwerenga kuchokera pa tsiku losaina amadziona ngati ali ndi zaka ziwiri zimene alibe. Inu mwalemba kuti "akuti" kwatsala 82. Pezani tsiku lenileni, chotsani zaka 80 kuchokera pa tsiku lothera lizi, ndipo limenelo ndiye tsiku limene simuyenera kulifika musanapereke notisi.

Tibwere ku zimene kampaniyo yakulonjezani. Lizi yatsopano ya zaka 125 kuyambira lero ndi zaka 43 zokha zowonjezera, pamene lamulo likupatsani 90. Ground rent akuti ikhalabe, pamene lamulo likuipha. Ndipo akufuna £9,500 pa chinthu chimene, mwa kuwerengera kwathu kuja, chokulirapo chake chikuyandikira £6,000. Mukulipira zambiri kuti mulandire zochepa. Sindikunena kuti kugwirizana kunja kwa lamulo n'koipa nthawi zonse. Mwini nthaka akakhala munthu wabwinobwino, mwina amene amakhala m'fulati yapansi, mukhoza kumvana pa zaka 90 kapena kuposa, ground rent n'kufa, ntchito n'kutha m'miyezi itatu ndi ndalama zochepa za maloya. Koma njira imeneyi ilibe chokutetezani. Akhoza kusintha mtengo, akhoza kusiya pakati, ndipo akhoza kulowetsa mawu atsopano mu lizi. Zimene zimapezeka kawirikawiri ndi ndalama yolipira nthawi iliyonse mukafuna kuika munthu wa lendi, kapena kuletseratu kubwereketsa fulati. Kwa inu amene mukuganiza zobwerera kumudzi, chiganizo chimodzi chotere chikhoza kuwononga pulani yonse. Pa njira ya lamulo, lizi yatsopano imatengera mawu a yakale, kusintha kumaloledwa pang'ono chabe, monga kukonza cholakwika chenicheni.

Pa ground rent pali chitetezo chimodzi ngakhale mutagwirizana panokha. Kuyambira pa 30 June 2022, lamulo la Leasehold Reform (Ground Rent) Act limaletsa mwini nthaka kulipiritsa ground rent pa zaka zowonjezerazo, ndipo pa zaka zakale zotsalazo sangakweze kuposa zimene lizi yakale imanena. Ndiye akamati ikhala momwemo, £150 imeneyo ikhoza kupitirira kwa zaka 82 zokha. Akalemba kuti ipitirira zaka zonse 125, kapena kuti izikwera, loya wanu aikane pomwepo.

Palinso nkhani ya banki. Mukatsata lamulo, ngongole yanu imasamukira yokha pa lizi yatsopano, chilolezo cha banki sichifunika. Mukagwirizana panokha, banki iyenera kuvomera ndi kusaina pepala lake, ndipo mabanki ena amalipiritsa komanso kuchedwetsa.

Nanga za anzanu akutchalitchi? Sakunama. Lamulo la Leasehold and Freehold Reform Act linavomerezedwa pa 24 May 2024, ndipo muli zaka 990 m'malo mwa 90, kuthetsa marriage value, kuchepetsa ground rent yowerengeredwa kuti isapitirire 0.1 peresenti ya mtengo wa nyumba, komanso kuti mbali iliyonse izidzilipirira maloya ake pa milandu yambiri. Vuto ndi loti lamulo kuvomerezedwa ndi kuyamba kugwira ntchito ndi zinthu ziwiri. Pomwe ndikulemba pano, zigawo zokhudza mtengo ndi zaka 990 sizinayambe, zikudikira malamulo ena ang'onoang'ono ndi maperesenti amene boma liyenera kukhazikitsa, ndipo eni nthaka akuluakulu akhala akulimbana nazo m'makhoti.

Funso loyenera ndi lakuti inuyo mupindulapo chiyani mukadikira. Marriage value simukulipira kale, chifukwa muli pamwamba pa 80. Malire a 0.1 peresenti pa fulati ya £200,000 ndi pafupifupi £200, ndipo yanu ndi £150, ndiye sakukhudzani. Chotsala ndi ndalama za maloya ndi valuer wa mwini nthaka, mwina £1,500 mpaka £2,500, ndi zaka 990. Zaka 990 zimamveka bwino m'khutu, koma pakati pa lizi ya zaka 172 ndi ya zaka pafupifupi chikwi, wogula ndi banki saona kusiyana kwenikweni, ndipo mudzathabe kuwonjezeranso mtsogolo pa mtengo wochepa kwambiri. Mbali inayo, 5 peresenti ija si yotsimikizika kuti idzakhala momwemo. Boma litaika 4 peresenti, gawo lija la £3,700 likhoza kufika pa £8,000. Ndiye kwa munthu ngati inu lamulo latsopano likhoza kutsitsa mtengo pang'ono, likhozanso kuukweza, ndipo mukudikira wotchi ikuyenda kulowera ku 80. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Amene ali ndi chifukwa chomveka chodikirira ndi munthu wa zaka 60 kapena 65 amene sakufuna kugulitsa kapena kusintha banki posachedwa, kapena amene ground rent yake imawirikiza kawiri zaka khumi zilizonse. Iwowo marriage value ndi ground rent ndiye gawo lalikulu la bilu yawo. Inu simuli m'gulu limenelo. Maganizo anga ndi oti muyambe chaka chino. Ngati ndalama sizinakwane ndipo mukufuna kudikirako, dziikireni malire: notisi ikhale itaperekedwa lizi isanatsike pansi pa zaka 81. Chaka chapamwambacho n'chofunika pa chifukwa chimene ndifotokoze pansipa.

Njira yake imayenda motere. Mupeze anthu awiri, valuer ndi loya, ndipo onse akhale oti ntchito imeneyi ndi imene amagwira tsiku ndi tsiku. Loya amene anakuthandizani kugula nyumba akhoza kukhala wabwino pa zogula ndi kugulitsa koma osadziwa masiku a lamulo ili. Mufunseni mosabisa kuti chaka chathachi wapereka ma section 42 notice angati. Bungwe la ALEP lili ndi mndandanda wa maloya ndi ma valuer a ntchito imeneyi, ndipo valuer akhale membala wa RICS, bungwe la akatswiri oyesa malo ndi nyumba. Valuer adzayendera fulati, adzawerenga lizi, adzayang'ana mitengo ya mafulati ofanana amene agulitsidwa pafupi, ndipo adzakupatsani manambala atatu: wotsika woyambira, umene akuganiza kuti mudzatherapo, ndi wokwera umene mwini nthaka angatchule. Mukakhala kuti munakonza fulati ndi ndalama zanu mokweza mtengo wake, monga kuika central heating pomwe panalibe, muuzeni ndipo mumuonetse malisiti. Zokonza zoterozo zimachotsedwa powerengera, simuyenera kulipira mwini nthaka chifukwa cha thukuta lanu. Kupenta ndi kusintha zinthu zakutha sikuwerengedwa.

Loya adzafufuza kuti notisi ipite kwa ndani. Izi sizophweka monga zimaonekera. Kampani imene imakutumizirani bilu ya ground rent ikhoza kukhala yongotolera chabe, kapena ili ndi lizi yapakati yomwe ndi yaitali kuposa yanu ndi masiku ochepa okha. Notisi iyenera kupita kwa amene ali ndi zaka zokwanira kukupatsani 90 zowonjezera, ndipo ngati mu lizi yanu muli mbali yachitatu, monga kampani yoyang'anira nyumbayo, nayonso iyenera kulandira. Kuiwala mbali yachitatu kumapha notisi. Zikakhala zosamveka, loya akhoza kutumiza kaye section 41 notice yofunsa kuti eni ake ndi ndani, ndipo ayenera kuyankha m'masiku 28.

M'notisi mumalembedwa dzina lanu, adiresi ya fulati, tsatanetsatane wa lizi, mtengo umene mukupereka, ndi tsiku limene mwini nthaka ayenera kukhala atayankha, lomwe lisachepere miyezi iwiri. Pa mtengo musachite nthabwala. Kulemba £100 poganiza kuti muyambire pansi kwenikweni kukhoza kuchititsa kuti khoti linene kuti notisiyo ndi yopanda ntchito, chifukwa mtengo uyenera kukhala woperekedwa moona mtima. Lembani wotsika umene valuer angathe kuuikira kumbuyo. Notisi ikangoperekedwa, loya ailembetse ku Land Registry pa title ya mwini nthaka. Akapanda kutero, mwini nthaka n'kugulitsa nyumbayo pakati pa nkhani, wogula watsopano samangidwa ndi notisi yanu.

Kuyambira apa ndalama ziyenera kukhala pafupi. Mwini nthaka ali ndi ufulu wopempha dipoziti ya 10 peresenti ya mtengo umene mwalemba, kapena £250 ngati 10 peresentiyo ndi yochepera pamenepo, ndipo muyenera kulipira m'masiku 14. Akhozanso kupempha umboni woti ndinu mwini fulati, ndi kutumiza valuer wake kudzaona m'nyumba atakudziwitsani masiku atatu zisanachitike. Mumulandire bwino koma musakambe naye za mtengo, imeneyo ndi ntchito ya valuer wanu.

Yankho lawo, counter-notice, likabwera musadzidzimuke. Nthawi zambiri amavomera ufulu wanu koma n'kutchula mtengo wokwera kwambiri, mwina kuwirikiza kawiri wanu. Ndi mmene msika wake umayendera, ngati kutsatsana malonda pa Lizulu: wina ayambira kumwamba, wina pansi, mukumana pakati. Ma valuer awiriwo ndiye amakambirana. Akapanda kuyankha n'komwe pofika tsiku lija, mwayi ndi wanu, chifukwa mukhoza kupita ku khoti lotchedwa county court m'miyezi isanu ndi umodzi kukapempha lizi pa mtengo umene munalemba m'notisi.

Masiku otsatirawa ndi amene amagwetsa anthu, ndipo ndikupemphani muwalembe nokha pa kalendala, musangodalira loya. Kuchokera pa tsiku la counter-notice, ngati simunagwirizane, mukhoza kukasuma ku bwalo lija logamula mtengo, lotchedwa First-tier Tribunal, Property Chamber, pakatha miyezi iwiri, koma isanathe miyezi isanu ndi umodzi. Mukaphonya ndi tsiku limodzi, lamulo limatenga ngati mwabweza notisi yanu. Mumalipira ndalama zimene mwini nthaka wawononga kufika pamenepo, ndipo simungaperekenso notisi ina mpaka patatha miyezi 12. Bwalo lilibe mphamvu yokuwonjezerani masiku, ngakhale chifukwa chikhale maliro. N'chifukwa chake ndinati musayandikire 80. Munthu amene wapereka notisi pa zaka 80 ndi miyezi inayi, notisi n'kufa, akadzabwerera amapeza marriage value ikumudikira. Amene wayamba pa 82 ali ndi malo olakwitsa kamodzi. Kusuma sikutanthauza kuti mukaima pabwalo. Milandu yambiri imatha mwa kugwirizana tsiku lomvera lisanafike, ndipo kusumako kumangoteteza tsiku lanu ndi kukankha mwini nthaka kuti afulumire. Loya wodziwa ntchito amasuma m'mwezi wachisanu ngakhale zokambirana zikuyenda bwino.

Mukagwirizana zonse, mtengo ndi mawu a lizi, pali msampha wina wofanana. Muli ndi miyezi iwiri yoti lizi yatsopano isainidwe. Ikapanda kusainidwa, muli ndi miyezi iwiri ina yokapempha county court kuti ikakamize. Miyezi inayi yonse ikadutsa popanda kusaina kapena kusuma, notisi yafanso. Zimachitika kawirikawiri pamene mwini fulati akudikira banki kuti itulutse ndalama. Choncho nkhani ya ndalama muyambe kuikonza musanapereke notisi, osati mutagwirizana mtengo.

Pa ndalama zonse, werengerani motere. Mtengo wa lizi, mwina pakati pa £6,000 ndi £7,500 mukatha kukambirana, malinga ndi zimene valuer adzapeze. Pamwamba pake loya wanu, valuer wanu, loya ndi valuer wa mwini nthaka, ndi ndalama yolembetsa ku Land Registry, zomwe zonse pamodzi kawirikawiri zimagwa pakati pa £3,000 ndi £5,000. Dziwani kuti za mwini nthaka mumalipira zokhazo zoyenera pa kufufuza ufulu wanu, kuwerengera mtengo ndi kulemba lizi. Nthawi imene valuer wake wathera pokangana nanu, ndi zimene awononga kubwalo, n'zake. Bilu yawo ikaoneka yonenepa, loya wanu apemphe kuti aiphwanye maola ndi ntchito, ndipo bwalo lomwe lija likhoza kuidula. Stamp duty, msonkho wolipira pogula nyumba, pa mtengo wochepera £40,000 palibe. Ngongole iliyonse ya service charge, ndalama yosamalira nyumba yonse, kapena ya ground rent iyenera kulipidwa pa tsiku lomaliza, ndiye ngati pali bilu imene mukukangana nayo, muuzeni loya msanga.

Poti munali kale m'kati mofuna kusintha banki, pali mwayi. Mabanki ambiri amalola kubwereka ndalama yowonjezera lizi, chifukwa chikole chawo chikukwera mtengo. Mukhoza kupempha banki yanu ya pano kuti ikuwonjezereni ngongole, kapena kusamukira ku ina n'kutenga ndalama zapamwamba. Pa zaka 82 ambiri akubwereketsanibe, ngakhale banki iliyonse ili ndi malire ake, ena amayang'ana zaka zotsala pa tsiku loyamba ngongole, ena zotsala ngongole ikadzatha. Chimene muyenera kusamala ndi nthawi. Ntchito yonse ya lizi imatenga miyezi isanu ndi umodzi mpaka chaka, pamene lonjezo la ngongole la banki limakhala ndi tsiku lothera. Komanso Land Registry imachedwa kulembetsa malizi atsopano, nthawi zina miyezi yambiri. Ngati kuchedwako kukutsekereza kugulitsa kapena kusintha banki, loya akhoza kupempha kuti afulumizitse, ndipo pempholo ndi laulere.

Zinthu zingapo zikhoza kusintha zonse ndanenazi, ndipo simunazitchule. Ngati fulatiyi munagula mwa shared ownership, kugula gawo la fulati n'kumalipira lendi pa gawo lotsalalo, ndipo simunamalize kugula magawo onse, musadalire ufulu wa lamulo wa 1993 musanafunse loya, nthawi zambiri pamenepo mumadutsira ku housing association, bungwe la nyumba limene lili ndi gawo lotsalalo. Nyumba za National Trust, bungwe losamalira malo ndi nyumba zakale, ndi zina za mabungwe achifundo zili ndi malamulo ake. Mwini nthaka akasowa, kampani inatsekedwa kapena munthu sakupezeka, nkhani siifa, county court ikhoza kupereka vesting order, chigamulo chokupatsani lizi mwini nthakayo palibe, mutaonetsa kuti munamufunafuna mokwanira. Ndipo ngati anzanu a m'nyumbamo nawonso malizi awo akufupika, zomwe n'zachidziwikire poti onse anayambira tsiku limodzi, agogodereni. Theka la eni mafulati likagwirizana mukhoza kugula nthaka yonse pamodzi, kenako n'kudzipatsa malizi a zaka 999. Zimafuna kumvana ndi kuleza mtima, ndipo wina akabwerera m'mbuyo pakati zimavuta, ndiye musalole kuti misonkhano ya pamasitepe ikudyereni chaka. Ngakhale osagula nthaka, anthu atatu kapena anayi kugwiritsa ntchito valuer ndi loya mmodzi kumatsitsa mtengo kwa aliyense.

Mukaganiza zogulitsa ntchito ili pakati, notisi ikhoza kusamutsidwira kwa wogula, koma ziyenera kuchitika limodzi ndi kusamutsa fulati. Zikasiyana, notisi imafa. Mukaganiza zopita kumudzi ntchito isanathe, adiresi yolandirira makalata ikhale ya loya wanu, chifukwa lamulo limafuna adiresi ya ku England kapena Wales, ndipo mukonze naye za kusaina musanakwere ndege.

Sabata ino chitani zitatu. Gulani title register, muwerenge tsiku. Imbirani a Leasehold Advisory Service, amene anthu amangowatchula kuti LEASE, ndi bungwe lothandizidwa ndi boma ndipo uphungu wawo woyamba ndi waulere, pa webusaiti yawo palinso chowerengera mtengo chimene chingakupatseni chithunzi, ngakhale sichilowa m'malo mwa valuer. Kenako yankhani kampaniyo mwachidule kuti mwalandira kalata yawo ndipo mukufunsa uphungu. Musasaine kanthu, musalipire ndalama iliyonse imene akuti ndi yotsegulira failo. Valuer wanu akakupatsani manambala, mukhoza kuwalembera kamodzi kuti muli okonzeka kumvana pa zaka 90 zowonjezera, ground rent yakufa ndi mawu a lizi osasintha, pa mtengo wakuti, ndipo muwapatse masabata anayi. Akavomera, mwapulumutsa miyezi. Akazengereza, loya apereke notisi. Koma title register ikaonetsa kuti zaka zatsala n'zochepera 81, kalata imeneyo muisiye, pitani kwa loya mawa lomwe.